Lipoti la wodwala: dalaivala wa zaka 52 wobanika kutulo, ndi zimene magazi ake anaonetsa

Bambo amene ndikulemba nkhani yawo anavomera kuti iwerengedwe ndi anzathu ogwira ntchito zaumoyo komanso wina aliyense amene ingamuthandize. Dzina lawo, kwawo ndi kampani imene amagwirako ntchito sindizitchula.

Mmene anafikira kwa ife

Ndi bambo a zaka 52, dalaivala wa thiraki yonyamula katundu pakati pa Blantyre ndi Johannesburg, njira yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ali ndi kachilombo ka HIV ndipo akhala pa ma ARV zaka 11. Mu 2019, monga anzawo ambiri m'dziko muno, anawasinthira ku piritsi limodzi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Amamwanso bactrim tsiku ndi tsiku. Kachilombo sikakuoneka m'magazi mwawo kwa zaka zingapo tsopano. Fodya sasuta. Mowa amamwa akakhala pakhomo, mabotolo atatu kapena anayi Loweruka.

Chinawabweretsa ku kiliniki yathu ndi BP. Anali kale pa mankhwala atatu, hydrochlorothiazide 25 mg, amlodipine 10 mg ndi enalapril 20 mg m'mawa ndi madzulo, koma nthawi zonse tikawayeza BP inkakhala pamwamba pa 160/100. Ndinawaona katatu m'miyezi 8, ndipo katatu konseko ndinalemba m'buku lawo la kuchipatala kuti mwina amadumphitsa mankhwala chifukwa cha maulendo. Iwo ankakana. Ankati munthu amene wakwanitsa ma ARV zaka 11 sangalephere mapiritsi a BP. Ankanena zoona. Ndinawalakwira, ndipo miyezi 8 imeneyo inapita pachabe chifukwa cha ine.

Ulendo wachinayi anabwera ndi akazi awo. Nditafunsa ngati amagona bwino, bambowo anati tulo alibe nato vuto, amagona paliponse, ngakhale pa mzere wa pa boda. Mayiwo ndi amene analowererapo.

"Adokotala, bambowa usiku amafa. Amaliza mkonono mpaka ana kuchipinda kwawo amamva, kenaka zii. Ine ndimawerenga chamumtima, ndimafika 30 asanapume. Ndikawagwedeza m'pamene amadzidzimuka ngati munthu amene amamira."

"Mayi, zinayamba liti zimenezi?"

"Mkonono ndi wakale. Koma zofazi zayamba atanenepa."

Kuchokera pamenepo nkhani inamasuka. Amadzuka kanayi usiku kukataya madzi. M'mawa mutu umawawa, kukhosi kuli gwa. Masana amalimbana ndi tulo pomwa zitini zitatu kapena zinayi za zakumwa zopatsa mphamvu, ndipo chakudya cha pa msewu ndi chipisi, kanyenya ndi zoziziritsa kukhosi. Chala chachikulu cha phazi lakumanja chinatupapo kawiri usiku, mopweteka kwambiri. Masabata atatu asanabwere anadwala malungo n'kumwa LA. Akazi awo atatuluka kukatenga mankhwala, bambowo anandiuza motsitsa mawu kuti mwezi wapitawo anasinza akuyendetsa atangodutsa Tete, ndipo anadzidzimuka matayala akumanzere ali kale kunja kwa tala. Kunyumba anali asanauze aliyense.

Zimene tinapeza powapima

Pa sikelo anali 109 kg. Buku lawo la ma ARV likuonetsa 84 kg mu 2019. Kutalika 172 cm, choncho BMI, muyezo wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, inali 36.8. Khosi linali 44 cm kuzungulira, mimba 118 cm. BP 168/104, mtima ukugunda ka 88 pa mphindi mwadongosolo, okosijeni 96% ali maso. Atatsegula pakamwa, lilime linaphimba pafupifupi kummero konse. Miyendo sinali yotupa ndipo m'chifuwa munkamveka bwino. ECG, yoyeza mmene mtima ukugundira, inaonetsa kuti mnofu wa kumanzere kwa mtima wayamba kukhuthala.

Ndinagwiritsa ntchito mafunso awiri odziwika. STOP-BANG, amene anakonzedwa ndi gulu la Frances Chung ku Toronto mu 2008, amafunsa zinthu 8: mkonono, kutopa masana, ngati wina anaonapo munthuyo akusiya kupuma, BP, BMI yoposa 35, zaka zoposa 50, khosi loposa 40 cm, ndi kukhala mwamuna. Kuyambira 5 chiopsezo n'chachikulu. Bambowa anapeza 8 pa 8. Pa mafunso a Epworth oyeza kusinza masana, amene Murray Johns wa ku Melbourne anawatulutsa mu 1991, anapeza 17 pa 24, pomwe malire ndi 10. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana 10 ndi tepi yoyezera imene atelala amagwiritsa ntchito.

Pa chipatala chathu tilibe makina oyezera tulo. Tinawagoneka usiku umodzi mu wodi, kachipangizo koyezera okosijeni kali pa chala, ndipo anamwino a usiku ankalemba zimene akuona. Okosijeni ankatsika n'kukweranso usiku wonse, ndipo pena anafika 74%. Mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiye analipira kuti akayezedwe mokwanira kumeneko. Anapita pa basi, chifukwa ndinali nditawaletsa kuyendetsa. Zotsatira zinati AHI 58, kutanthauza kuti pa ola lililonse la tulo, mpweya unkaima kapena kuchepa kwambiri ka 58, kwa masekondi 10 kapena kuposa. Kuyambira 5 mpaka 14 matendawa ndi ochepa, 15 mpaka 29 ndi apakati, 30 kupita m'mwamba ndi aakulu.

Kuti zotsatira za magazi zimveke, tiyambe taona chimene chimachitika usiku. Munthu akagona minofu ya kummero imafooka, ndipo kwa wonenepa khosi njira ya mpweya imatsekeka. Chifuwa chimapitiriza kukoka koma palibe cholowa. Okosijeni akatsika, ubongo umamudzutsa pang'ono, adrenaline amatuluka, mitsempha imafinyika, BP imakwera, chiwindi chimathira shuga m'magazi. Kukoka kwa chifuwa kuja kumatamulanso zipinda za pamwamba za mtima, ndipo mtima umatulutsa homoni ya ANP imene imauza impso kuti zitaye madzi ndi mchere. N'chifukwa chake munthu wotere amadzuka kanayi kukakodza, ife n'kumaganiza za prostate kapena shuga yekha. Kwa bambowa, pa maola 7 a tulo, zimenezi zinkachitika pafupifupi ka 400 usiku uliwonse.

Magazi

Palibe magazi amene angatiuze kuti munthu amabanika kutulo. Amene anatiuza ndi akazi awo. Magazi anationetsa pamene thupi lafika powonongeka, ndipo anatisankhira mankhwala. Koma pafupifupi chotsatira chilichonse chinafuna kuti tichiwerenge kawiri, chifukwa m'magazi omwewo munali malungo a posachedwa, HIV ndi mankhwala asanu.

Ndiyambe ndi shuga, chifukwa apa m'pamene tikanaphonya. HbA1c inali 6.2%, pansi pa 6.5% amene bungwe la WHO linavomereza mu 2011 ngati malire a matenda a shuga. Ndikanangoona nambala imeneyi ndikanati shuga ali m'malire, achepetse zotsekemera basi. Koma shuga wa m'mawa asanadye kanthu anali 7.6 mmol/L, ndipo titabwereza tsiku lina anali 7.9. Kawiri pamwamba pa 7.0 ndi matenda a shuga. HbA1c imayeza shuga amene wamatirira ku maselo ofiira pa miyezi pafupifupi itatu yapitayo. Malungo amaswa maselo amenewa, thupi n'kupanga atsopano amene sanakhalitse mu shuga, nambala n'kutsika. Mwa anthu amene ali ndi HIV ndipo ali pa ma ARV, HbA1c imadziwikanso kuti imatha kuonetsa shuga wochepa kuposa weniweni. Kuno kwathu, kumene malungo, kuchepa kwa magazi ndi sickle cell si zachilendo, ndimakhulupirira kwambiri shuga wa m'mawa woyezedwa kawiri kusiyana ndi HbA1c yokha, ngakhale kuti HbA1c ndi yokwera mtengo ndipo imaoneka yapamwamba.

CRP inatisokoneza mwa njira ina. Iyi ndi puloteni imene chiwindi chimapanga thupi likamalimbana ndi chinachake, ndipo ikayezedwa ndi makina ozindikira milingo yaing'ono imathandiza kuona chiopsezo cha matenda a mtima: pansi pa 1 mg/L n'chochepa, 1 mpaka 3 n'chapakati, kuposa 3 n'chachikulu. Ya bambowa inali 28. Nambala yoposa 10 sikamba za mtima, imakamba za matenda amene alipo panthawiyo kapena angotha kumene. Tinawafunsa za chifuwa, kutuluka thukuta usiku ndi kutentha thupi, tinajambula chifuwa kuti tione za TB, tinabwerezanso kuyeza malungo. Zonse zinali bwino. Patatha masabata anayi CRP inali 4.6, ndipo imeneyi ndiyo tinaitenga ngati poyambira. Ngakhale 4.6 yomweyo ili ndi eni ake angapo: mafuta a pamimba, HIV ngakhale itagonja, ndi kubanika kwa usiku.

Pa mafuta a m'magazi, cholesterol yense anali 5.3 mmol/L, LDL (cholesterol woipa) 3.9, HDL (cholesterol wabwino) 0.8, triglycerides (mtundu wina wa mafuta) 1.4. Mabuku ambiri amati munthu wa mimba yaikulu amene thupi lake silikumveranso insulini amakhala ndi triglycerides oposa 1.7 ndi HDL yotsika pansi pa 1.0. Bambowa anali ndi HDL yotsika koma triglycerides abwinobwino. Izi zaonedwa kawirikawiri mwa anthu akuda: triglycerides amatha kukhala otsika pomwe insulini inasiya kale kugwira bwino ntchito. Tisamatonthozedwe ndi nambala imeneyi mwa odwala athu.

Chimene chinandiimitsa kwambiri ndi potaziyamu, amene anali 3.3 mmol/L. Hydrochlorothiazide amatsitsa potaziyamu, n'zoona. Koma bambowa ankamwanso enalapril wambiri ndi bactrim, ndipo onse awiri amamukweza. Potaziyamu wotsika mwa munthu wotere, amene BP yake yakana mankhwala atatu, amaloza ku homoni ya aldosterone, imene imasunga mchere ndi madzi m'thupi n'kutaya potaziyamu. Kuchuluka kwa aldosterone ndi kubanika kutulo zimapezeka pamodzi kawirikawiri, ndipo zimadyetsana: madzi osungidwa m'miyendo masana amasunthira kukhosi munthu akagona, njira ya mpweya n'kupanikizika kwambiri. Kuyeza aldosterone ndi renin, imene imaiwongolera, kukanafuna kutumiza magazi kutali, pa mtengo umene banjali likanachotsa pa ndalama za makina othandiza kupuma usiku. Tinakambirana nawo n'kusankha kuika ndalamazo pa makina ndi kuyamba mankhwala otsekereza aldosterone.

Uric acid anali 540 µmol/L, pomwe malire a mwamuna ndi 420. Maselo akamasowa okosijeni mobwerezabwereza amaphwanya ATP, imene imawasungira mphamvu, ndipo mapeto a kuphwanyako ndi uric acid. Onjezanipo mowa, nyama ya pa msewu, zakumwa za shuga ndi hydrochlorothiazide amene amaletsa impso kumutaya, chala chotupa chija chapeza chifukwa chake. Piritsi limodzi limeneli linkakweza uric acid, kukweza shuga ndi kutsitsa potaziyamu, BP osatsika.

Bicarbonate anali 25 mmol/L. Ambiri sitimuyang'ana, koma mwa munthu wonenepa wosinza masana ndi wofunika. Akafika 27 kapena kuposa, tiganize kuti mwina munthuyo sapuma mokwanira ngakhale masana ndipo akusunga mpweya woipa wa carbon dioxide, vuto limene ndi loopsa kwambiri kuposa kubanika kokha. Akakhala pansi pa 27, vutolo n'lokayikitsa. Hemoglobin inali 14.6 g/dL, choncho magazi sanakhuthale.

Pa miyezo ya impso, creatinine anali 108 µmol/L, eGFR pafupifupi 71. Dolutegravir ndi bactrim onse amakweza creatinine pang'ono popanda kuwononga impso, chifukwa amangotsekereza njira imene amatulukira. Koma mumkodzo munali mapuloteni pang'ono, ndipo munthu wa BP, shuga ndi tenofovir sitingamunyalanyaze. ALT, muyezo wa chiwindi, inali 58, hepatitis B palibe, ndipo sikani inaonetsa mafuta m'chiwindi. TSH, muyezo wa chithokomiro, inali bwino.

Chithandizo

Chovuta koposa chinali kuwauza kuti asiye kaye kuyendetsa. Thiraki ndiyo imalipira sukulu ya ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Adokotala, ndiye tidya chiyani?" Ndinawakumbutsa za ku Tete, ndipo ndinawalembera kalata yopita kwa abwana awo yonena kuti matendawa ali ndi chithandizo ndipo adzabwerera pa msewu. Anawapatsa ntchito ya pa yadi kwa masabata 7.

Makina a CPAP, opopera mpweya kudzera m'masiki munthu akagona, anagulidwa ku Johannesburg. Ambiri a ife timawadziwa makina otere kuchokera ku nazale, kumene Pumani, imene inapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, imathandiza makanda obadwa masiku asanakwane. Mfundo yake ndi yomweyo: mpweya wopopedwa mosalekeza umagwira njira kuti isatsekeke. Kwa akuluakulu obanika kutulo, njirayi inayambitsidwa ndi Colin Sullivan ku Sydney mu 1981. Masabata awiri oyamba bambowa ankavula masiki pakati pa usiku osadziwa. Mphuno inkauma, ndipo magetsi akazima makina ankaima. Tinasintha masiki, tinayatsa mbali yonyowetsa mpweya, ndipo mwana wawo anagula batire ndi inveta. Mayi aja ndi amene ankawabwezera masiki kumaso akaigwetsa.

Hydrochlorothiazide tinamusiya. M'malo mwake tinayamba spironolactone, wotsekereza aldosterone uja, theka la piritsi la 25 mg, kenaka piritsi lathunthu. Apa pafunika kusamala kwambiri: spironolactone, enalapril ndi bactrim pamodzi angakweze potaziyamu mpaka kuimitsa mtima. Tinayeza patatha sabata imodzi n'kupeza 4.2, patatha mwezi 4.6, ndipo ndinawaletsa kugula ibuprofen kapena diclofenac pa golosale chala chikadzatupanso. Metformin, mankhwala a shuga, tinayamba ndi 500 mg, n'kufika pa 500 mg kawiri pa tsiku, osapitirira pamenepo, chifukwa dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi ndipo malire ake ndi 1000 mg pa tsiku. Tinawonjezera atorvastatin 20 mg, wotsitsa cholesterol. Shuga pa zaka 52 anali chifukwa chokwanira kale, komanso kafukufuku wa REPRIEVE wa mu 2023 anaonetsa kuti mankhwala a gulu limeneli anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35% mwa anthu amene ali ndi HIV. Za ma ARV tinakambirana ndi anzathu a ku kiliniki yawo. Dolutegravir amadziwika kuti amanenepetsa ena, monga kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anaonetsera mu 2019, koma kachilombo kagonja, ndipo sitinaone chifukwa chokwanira chosinthira.

Pa zakudya sitinalembe ndandanda yaitali. Tinagwirizana zinthu zitatu: zitini zija ndi zoziziritsa kukhosi zithe, nsima ikhale ya mgaiwa ndipo mitanda itsike kuchoka pa inayi kufika pa iwiri, ndipo Loweruka mowa usapitirire botolo limodzi komanso usamwedwe pafupi ndi nthawi yogona, popeza mowa umafooketsa minofu ya kummero.

Patatha miyezi 6

Kadi ya m'makina inaonetsa kuti amawagwiritsa ntchito maola 5 ndi theka pa usiku, ndipo AHI ili pa 4. Epworth inatsika kuchoka pa 17 kufika pa 7. Amadzuka kamodzi kokha usiku, ndipo izi zinasintha sabata yoyamba yomwe, asanatsike ndi kilo imodzi. Sikelo inati 101 kg. BP inali 138/86. Shuga wa m'mawa 6.3, HbA1c 5.9%, LDL 2.3, HDL 0.9, uric acid 430, ALT 39, creatinine 112, potaziyamu 4.6, CRP 3.1. Chala sichinatupenso.

Banjali limatamanda makina pa zonsezi, ndipo ndikumvetsa, chifukwa ndiwo amaoneka pambali pa bedi ndipo ndiwo anadya ndalama. Koma tinasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo kafukufuku amatithandiza kugawa ulemu moyenera. Mu 2014, Julio Chirinos ndi anzake ku Philadelphia anagawa anthu 181 onenepa obanika kutulo m'magulu atatu: CPAP yokha, kuchepetsa thupi kokha, ndi zonse ziwiri. Patatha masabata 24, CRP, triglycerides ndi kusamvera insulini zinatsika mwa amene anachepetsa thupi, koma sizinatsike mwa amene anali pa CPAP yokha. Pa BP, kafukufuku wa HIPARCO wa ku Spain mu 2013, mwa anthu amene BP yawo inakana mankhwala, anapeza kuti CPAP inatsitsa BP ndi pafupifupi 3 mmHg basi. Bambowa inatsika ndi 30, ndipo gawo lalikulu ndikuliika pa spironolactone ndi makilogalamu 8 aja. LDL ndi ntchito ya atorvastatin, amenenso amatsitsa CRP. Uric acid anatsika titachotsa hydrochlorothiazide ndi kuchepetsa mowa.

Palinso kafukufuku wamkulu wa SAVE wa mu 2016, wa anthu 2,717 amene anali kale ndi matenda a mtima kapena sitiroko. CPAP inawachepetsera kusinza ndi kuwapatsa moyo wabwinoko, koma sinachepetse imfa, sitiroko kapena matenda a mtima pa zaka pafupifupi zinayi. Anthuwo ankavala makina maola 3.3 okha pa usiku, ndipo osinza kwambiri ngati bambowa sanalowetsedwe m'kafukufukuyo. Ine ndimawerenga zotsatirazi motere: wodwala akapeza CPAP, BP yake, shuga wake, mafuta ake ndi impso zake zimafunabe chithandizo chawochawo, ndi kuyezedwa pa nthawi yake. Ndipo amene sangakwanitse kugula makina, omwe ndi ambiri mwa odwala athu, tisawabweze chimanjamanja. Kafukufuku wa ku Wisconsin wa mu 2000 anapeza kuti kutsika thupi ndi 10% kumayenda ndi kutsika kwa AHI ndi pafupifupi 26%. Kugona chammbali, kusiya mowa wa usiku, kupewa diazepam ndi mapiritsi ena ogonetsa, ndi kusankha bwino mankhwala a BP, zonsezi zili m'manja mwathu pa chipatala chilichonse.

Chimene makina anachita mosakayikitsa kwa bambowa ndi kuwabwezera tulo ndi ntchito. Abwerera pa msewu, makina ali m'kabini, olumikizidwa ku batire ya thiraki kudzera pa inveta. Vuto latsala pa boda. Kadi ikuonetsa kuti usiku umene ali pa mzere ku Beitbridge amavala makina maola osakwana awiri, chifukwa amayenera kusuntha thiraki mzere ukayenda. Tagwirizana kuti akawoloka aziima kaye n'kugona ndi makina maola osachepera anayi asanapitirize ulendo, ndipo ndalemberanso abwana awo kuti nthawi imeneyi aziiwerengera pa ulendo. Abweranso pakatha miyezi itatu ndi kadiyo. Tidzayeza potaziyamu, creatinine, shuga wa m'mawa ndi mapuloteni a mumkodzo, ndipo tawalembera kale kalata yokapimitsa maso.